Mayi akatuluka ku fiyeta tisamafulumire kunena kuti wapulumuka

Kuno ku Matope, m'mphepete mwa mtsinje wa Shire m'boma la Neno, uthenga woti mayi wachira pa opaleshoni ndipo mwana ali bwino umalandiridwa ndi nthungululu. Achibale amaimbirana foni, ampingo amathokoza Mulungu, ndipo mawu omwe amamveka paliponse ndi oti "wapulumuka". Pakapita masiku atatu kapena anayi amamutulutsa m'chipatala, gadiyani n'kulongedza mapoto ndi mabeseni, onse n'kubwerera kumudzi mitima ili m'malo.

Koma anamwino ndi madokotala amawerengera mosiyana ndi ife. Kwa iwo, bala la opaleshoni limakhala pa chiopsezo chotukusira kwa masiku 30 kuchokera tsiku lomwe mayi anang'ambidwa. Choopsa n'chakuti mabala ambiri omwe amachita mafinya amayamba kuonetsa zizindikiro mayi atatuluka kale, ali kunyumba komwe kulibe namwino womuyang'ana m'mawa ndi madzulo. Akuluakulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Pa nkhani ya opaleshoni, madziwo amatenga mwezi wathunthu kuti apite.

Vutoli ndi lalikulu bwanji?

Mu 2016, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo opewera kutukusira kwa mabala a opaleshoni. Bungweli linati m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, odwala 11 mwa 100 alionse ochitidwa opaleshoni amatenga matenda pa bala, ndipo mu Africa muno chiwerengero cha amayi obereka pa opaleshoni omwe bala lawo limatukusira chimafika mpaka 20 mwa 100 alionse. Uyu ndi mayi mmodzi mwa amayi asanu.

Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 91 mwa 100 alionse ankachirira kuchipatala, ndipo 6 mwa 100 alionse ankachira pa opaleshoni. Kafukufuku yemweyo anati amayi 439 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Mwa zinthu zikuluzikulu zomwe zimapha amayiwa muli kutaya magazi, kuthamanga kwa magazi komanso matenda obwera ndi tizilombo tolowa m'chiberekero, pa bala ndi m'magazi.

Ngakhale mayi asamwalire, bala lotukusira limasaukitsa banja. Amagonekedwanso m'chipatala masabata angapo, nthawi zina amabwereranso ku fiyeta kuti akachotse mafinya ndi kusokanso. Gadiyani amasiya munda, ana otsala kunyumba amajomba kusukulu, mbuzi imagulitsidwa kuti papezeke ya thiransipoti ndi ya ndiwo. Khanda nalo limavutika chifukwa mayi wotentha thupi sayamwitsa bwino.

Nkhaniyi isaopseze munthu aliyense kuti akane opaleshoni. Mwana akapingasa, njira ikachepa, kapena magazi akayamba kutayika, mpeni wa dokotala ndi umene umapulumutsa miyoyo iwiri. Chofunika ndi kudziwa zomwe zimachititsa kuti bala la wina lipole msanga pomwe la mnzake likuchucha mafinya, chifukwa zambiri mwa izo zili m'manja mwathu.

Tizilombo timachokera kuti?

Khungu ndi mpanda wa thupi. Pamwamba pake pamakhala mabakiteriya ochuluka omwe sativulaza malinga mpandawo uli wosathyoka. M'njira ya amayi ndi m'matumbo mumakhalanso ena. Dokotala akacheka khungu, mafuta, minofu mpaka chiberekero, amatsegula chipata. Tizilombo titha kulowa kuchokera pa khungu la mayi mwiniwake, kukwera kuchokera m'njira yoberekera, kapena kubwera ndi manja, zipangizo ndi nsalu zomwe sizinayeretsedwe bwino.

Palibe opaleshoni yomwe imatha popanda kachilombo ndi kamodzi komwe kofika pa bala. Kuti bala litukusire zimatengera zinthu zitatu: kuchuluka kwa tizilombo tomwe talowa, mphamvu ya thupi yolimbana nato, ndi momwe minofu yavulalira. Chilichonse chomwe chikuchulukitsa tizilombo, kufooketsa thupi kapena kuvulaza minofu chimakweza chiopsezo.

Matendawa amakhalanso ndi misinkhu. Ena amathera pa khungu, ena amalowa mpaka m'minofu, ndipo oopsa kwambiri amakhala m'chiberekero ndi m'mimba momwemo. Apa ndi pomwe ambiri timanamizika. Bala litha kuoneka louma bwino kunja pomwe mkati mwadzadza mafinya, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Kuchedwa ndiye gwero lalikulu

Mwana ali m'mimba amakhala m'thumba la madzi lomwe timati nsupa. Nsupa ikakhala yosasweka, tizilombo ta m'njira sitifika mosavuta kwa mwana kapena m'chiberekero. Ikangosweka, khomo latseguka, ndipo ola lililonse lomwe likudutsa tizilombo timakhala tikukwera. Azachipatala amati pakapita maola 18 nsupa itasweka mwana asanabadwe, chiopsezo chimakhala chakula ndipo mayi amafunika mankhwala opha tizilombo. Mayi wotere akapita ku fiyeta, dokotala amacheka chiberekero chomwe muli kale tizilombo, ndipo madzi a m'menemo amakhudza bala lonse.

Matenda akatenga nthawi yaitali, mutu wa mwana umapanikiza minofu ya mayi mpaka magazi osayenda bwino. Mnofu wotopa ndi wotupa supola msanga, ndipo umang'ambika mosavuta pa nthawi yotulutsa mwana. Kuyeza njira pafupipafupi nakonso kumakankhira tizilombo mkati. N'chifukwa chake malangizo amati mayi yemwe matenda akuyenda bwino ayezedwe njira kamodzi pa maola anayi alionse, ndi manja osamba komanso magolovesi oyera. Zala za kumudzi zomwe zimayesa kuona ngati "mwana wayandikira", komanso zitsamba zoika kumaliseche, zimakhala zitafesa kale mbewu ya mafinya mayi asanafike n'kuchipatala komwe.

Izi ndi zomwe zimasiyanitsa opaleshoni yokonzekera ndi yadzidzidzi. Yokonzekera imachitika nsupa isanasweke, mayi atasamba, magazi atayezedwa. Yadzidzidzi imachitika mothamanga, nthawi zambiri usiku, mayi atafooka kale. Kafukufuku yemwe anatsogolera dokotala Paul Fenton, wofalitsidwa mu 2003, anaunika maopaleshoni obereketsa 8,070 m'zipatala 25 za m'dziko muno. Anapeza kuti 94 mwa 100 alionse anali adzidzidzi, ndipo amayi 85 anamwalira. Kuphulika kwa chiberekero ndi kuchepa kwa magazi zinali zina mwa zomwe zinkakweza chiopsezo cha imfa.

Tsopano taganizirani za dera lathu. Chipatala cha mishoni ya Anglican kuno ku Matope, monga zipatala zina zing'onozing'ono, chimathandiza amayi ochira bwinobwino. Pakavuta, mayi amayenera kutumizidwa ku zipatala zokulirapo za boma lino, ku Lisungwi kapena ku Neno boma, ndipo zikakula kwambiri mpaka ku Gulupu mu mzinda wa Blantyre. Mayi wochokera m'mudzi wakutali amayamba wadikira kuti matenda akhwime, kenako afunefune kabaza, afike pachipatala chaching'ono, ayezedwe, adikire ambulansi, ayende ulendo wina. M'nyengo ya dzinja misewu yafumbi imasanduka matope ndipo mitsinje imadzadza. Maola 18 aja amatha mayi ali panjira.

N'chifukwa chake nyumba zodikirira pachipatala ndi zofunika. Mayi yemwe anachitidwapo opaleshoni m'mbuyomu, yemwe ali ndi mapasa, yemwe mwana wakhala mopingasa, mtsikana wa mimba yoyamba, komanso aliyense wokhala kutali, akamuuza kusikelo kuti akadikirire kuchipatala asamaone ngati akumuvutitsa. Ndipo nsupa ikasweka, ngakhale m'mimba musakuwawa, ulendo uyambike nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche.

Palinso nkhani ya mwanamphepo, mankhwala azitsamba omwe amayi ena amamwetsedwa kuti matenda afulumire. Mankhwalawa alibe muyezo. Amatha kukoka chiberekero mwamphamvu njira isanatseguke, mwana n'kubanika kapena chiberekero n'kuphulika. Opaleshoni yosoka kapena kuchotsa chiberekero chophulika imatenga nthawi yaitali, imataya magazi ambiri, ndipo bala lake limatukusira mosavuta. Apongozi ndi anamkungwi amachita izi pofuna kuthandiza, koma zotsatira zake amazisenza ndi mwana wawo yemweyo.

Thupi lomwe mayi wapita nalo ku fiyeta

Bala limapola ndi magazi. Magazi ndi amene amabweretsa mpweya, chakudya ndi asilikali a m'thupi pamalo povulala. Mayi wochepa magazi amayamba nkhondoyi ali wofooka kale. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja anapeza kuti mayi mmodzi mwa amayi atatu a zaka 15 mpaka 49 anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi, ndipo mwa oyembekezera chiwerengerocho chinali chokwera kuposa apa. Malungo, njoka za m'mimba, likodzo lomwe silisowa kwa ife okhala m'mbali mwa Shire, kubereka pafupipafupi ndi kusadya mokwanira, zonsezi zimamwa magazi.

Mapilitsi owonjezera magazi omwe amaperekedwa kusikelo, fansida, ndi kugona m'masikito usiku uliwonse ndi kukonzekera opaleshoni yomwe sitikudziwa ngati idzabwera. Amayi ena amasiya mapilitsiwa ponena kuti amachititsa nseru kapena amakulitsa mwana. Nseru imachepa ukamwa utadya kapena pogona, ndipo zoti amakulitsa mwana mpaka kukanika kubadwa ndi mphekesera chabe. Zakudya monga nyemba, nandolo, mtedza, usipa, mazira, bonongwe ndi chisoso zimamanga thupi. Mwambo woletsa mayi woyembekezera kudya mazira umamulanda chakudya chomwe chili pakhomo pomwepo.

Kutaya magazi ambiri pa nthawi ya opaleshoni kumawonjezera vutoli. Apa m'pamene nkhani yopereka magazi imatikhudza tonse. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ophunzira a m'sukulu za sekondale ndi makoleji, moti sukulu zikatsekera magazi amachepa m'zipatala. Ife akuluakulu a m'midzi, m'mipingo ndi m'mizikiti tisasiyire ana udindo umenewu.

Matenda a shuga ndi chiopsezo china chomwe chikukula mwakachetechete. Shuga akachuluka m'magazi, asilikali a m'thupi amagwira ntchito mwaulesi ndipo tizilombo timaswana msanga. Ena shuga amawayamba pa nthawi ya mimba yomweyo osadziwa. Kunenepa kwambiri nakonso kumavuta chifukwa mafuta a pamimba salandira magazi ambiri, ndipo bala limabisala pansi pa khwinya pomwe pamakhala thukuta. Kuonda kwambiri chifukwa cha njala kuli ndi vuto lakenso, thupi limasowa zomangira mnofu watsopano. Fodya, kaya wosuta, amachepetsa magazi ofika pa khungu.

Za HIV tinene mosabisa. Kachilomboka kakafooketsa chitetezo, bala limachedwa kupola ndipo matenda amalowa mosavuta. Koma mayi yemwe akumwa ma ARV mokhulupirika, tizilombo tili tochepa m'magazi, amakhala ndi mwayi wabwino wopola. Dziko la Malawi ndi lomwe linayambitsa ndondomeko ya Option B+ mu 2011, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa yemwe wapezeka ndi kachilomboka ayambe mankhwala nthawi yomweyo kwa moyo wake wonse. Kubisa mankhwala kwa gadiyani mpaka kudumphitsa masiku uli m'chipatala n'kudziika pa ngozi pa nthawi yomwe thupi likufuna chitetezo kwambiri.

Ife aphunzitsi timaonanso mbali ina ya vutoli. Atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kapena ali ndi pakati pa nthawi ya kafukufuku uja. Mtsikana yemwe mafupa a m'chiuno sanakhwime amakhala pa chiopsezo choti mwana akanike kutuluka. Chifukwa cha manyazi ndi mantha amabisa mimba, amayamba sikelo mochedwa, ndipo bala likayamba kununkha amaopa kuuza munthu. Malamulo a dziko lino anasinthidwa mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, koma lamulo palokha silingalowe m'nyumba kukaona bala la mwana wa fomu 2. Amayi ake ndi azakhali ake ndi amene angatero.

Maopaleshoni ena a amayi

Si kubereka kokha komwe kumapititsa amayi ku fiyeta. Ena amachotsedwa chiberekero chifukwa cha zotupa kapena khansa ya khomo la chiberekero, yomwe dziko lathu lili m'gulu la mayiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse. Ena mimba imakhala m'njira ya mazira n'kuphulika. Ena amapita padera n'kufunika kukolopedwa m'chiberekero. Enanso amasokedwa fistula, monga zimachitikira pachipatala cha Bwaila ku Lilongwe.

Ziopsezo zake n'zofanana ndi zomwe tatchula kale: kuchepa magazi, shuga, kunenepa, chitetezo chofooka, ndi opaleshoni yotenga nthawi yaitali. Chowonjezera n'chakuti pochotsa chiberekero dokotala amatsegula kumtunda kwa njira ya amayi, choncho mayi yemwe ali ndi chikazi chonunkha kapena matenda opatsirana pogonana osachizidwa amakhala pa chiopsezo chachikulu. Ngati tsiku la opaleshoni laikidwa, nenani za vutoli kwa adokotala lisanafike kuti alichize. Amayi omwe akhala akutaya magazi miyezi yambiri chifukwa cha zotupa amafunikanso kuwonjezera magazi asanalowe ku fiyeta.

Kuchotsa mimba mobisa ndi chilonda china cha dziko lino. Kafukufuku wa bungwe la Guttmacher mogwirizana ndi sukulu ya madokotala ya College of Medicine anayerekeza kuti mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi mu 2015. Timitengo ta chinangwa, mawaya ndi mankhwala osadziwika zimabowola chiberekero ndi kusiya zotsalira zomwe zimaola. Wotere amafika ku fiyeta mafinya ali kale m'mimba. Kaya maganizo athu pa nkhaniyi ndi otani, mtsikana kapena mayi yemwe akutentha thupi ndi kutaya magazi mimba itachoka athamangitsidwe kuchipatala tsiku lomwelo. Milandu ndi maweruzo zidikire, moyo sudikira.

Mbali ya chipatala

Mu 1847, dokotala Ignaz Semmelweis wa mu mzinda wa Vienna anaona kuti amayi ambiri ankafa ndi kutentha thupi akachira m'wodi momwe ankagwira madokotala ochokera kocheka mitembo. Atalamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a kolorini, imfa zinatsika kwambiri. Ngakhale kuno ku Africa nzeru imeneyi inalipo. Mu 1879, Robert Felkin anaonerera sing'anga wa ku Bunyoro, m'dziko lomwe lero ndi Uganda, akubereketsa mayi pa opaleshoni atatsuka manja ake ndi mimba ya mayiyo ndi mowa wa nthochi. Mayi ndi mwana onse anakhala ndi moyo.

Lero malangizo a WHO ndi omveka bwino. Mayi alandire jakisoni wa mankhwala opha tizilombo mphindi 30 mpaka 60 asanachekedwe, kuti pomwe mpeni ukufika mankhwala akhale ali kale m'magazi. Njira ya amayi itsukidwe ndi mankhwala opaleshoni isanayambe, ndipo khungu la pamimba lipakidwe mankhwala ophera tizilombo. Wodwala asambe ndi sopo ngati nthawi ilipo. Tsitsi lisametedwe ndi lezala, chifukwa lezala limasiya timabala tosaoneka momwe mabakiteriya amaswana. Amayi ambiri amadzimeta kunyumba masiku akayandikira poopa kunyozedwa; ndi bwino kungodulira ndi sizasi yoyera kapena kufunsa anamwino kusikelo.

Zinthu zooneka zazing'onozi zimagwira ntchito. Kafukufuku wotchedwa APT-Sepsis, yemwe anachitika m'zipatala 59 za m'Malawi ndi Uganda ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2025, analimbikitsa ogwira ntchito kusamba m'manja, kutsata malangizo opewera matenda, ndi kuzindikira msanga mayi yemwe tizilombo talowa m'magazi. Imfa ndi kudwala kwakayakaya kobwera ndi tizilombo zinatsika ndi 32 pa 100 alionse. Panalibe makina odula, koma maphunziro, zikumbutso ndi zipangizo wamba.

Kuti namwino asambe m'manja pafunika madzi pampopi ndi sopo pasinki. Kuti zipangizo ziphikidwe pafunika magetsi kapena mafuta a jenereta. Wodi ikadzadza mpaka amayi kugona pansi, kapena namwino mmodzi akamasamala odwala makumi angapo usiku, ukhondo umavuta ngakhale munthu akhale wodzipereka chotani. Boma lathu la Neno, lomwe lili ndi anthu oposa 138,000 malinga ndi kalembera wa 2018, lapindula ndi mgwirizano wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo kuyambira 2007. Komabe makomiti a zipatala, makhansala ndi aphungu athu akamakambirana bajeti azikumbukira kuti madzi, sopo, magolovesi ndi mafuta a ambulansi ndi mankhwala ndithu.

Magadiyani nafenso tili ndi gawo. Kusamba m'manja musanagwire wodwala, kuchepetsa chigulu chodzazonda, ndi kusatsegula bandeji pofuna kuonetsa alendo kukula kwa bala, ndi thandizo lalikulu kwa anamwino.

Bala likafika kumudzi

Ku Rwanda, m'boma lakumudzi la Kirehe, ofufuza anatsatira amayi ochira pa opaleshoni n'kuwaunikanso patatha masiku pafupifupi 10. Anapeza kuti mayi mmodzi mwa amayi 10 alionse bala linali litatukusira, ndipo omwe ankalipira ndalama zambiri za ulendo wopita kuchipatala anali pa chiopsezo chokulirapo. Moyo wa ku Kirehe sukusiyana kwenikweni ndi wa kwathu kuno. Mtunda ndi umphawi zimalowa nawo pa bala.

Kuno kumunsi kwa Neno kumatentha kwambiri, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Thukuta limanyowetsa bala, ndipo chitenje chomangidwa zolimba pamimba chimatsekera chinyontho ndi kukhula ulusi. Bala limafuna ukhondo, kuuma ndi mpweya. Mukauzidwa kuti bandeji ichoke, sambani tsiku lililonse ndi madzi a pamjigo kapena owiritsa, ndi sopo wamba, kenako pukutani pa bala mogunditsa pang'onopang'ono ndi kansalu kochapa, kouma padzuwa, komwe sikagwira ntchito ina. Madzi otunga ku Shire asafike pa bala asanawiritsidwe. Nsalu zodzisamalira nazo pa nthawi yotaya magazi a uchembere zisinthidwe pafupipafupi, ndipo m'manja musambidwe mukasintha thewera la mwana.

Mwambo wothowa mayi ndi madzi otentha ndi kumukanda m'mimba kuti "zoipa zituluke" usachitike kwa mayi wa opaleshoni. Pa bala pasapakidwe phulusa, mafuta odzola, mankhwala otsukira mano kapena zitsamba zosinja. Ntchito zolemetsa monga kusenza ndowa, kusinja, kulima ndi kutema nkhuni zidikire mpaka masabata 6 atadutsa ndipo achipatala avomereza, chifukwa zimakoka ulusi, ndipo bala likatseguka tizilombo timapeza polowera. Kugona tsiku lonse m'chikuta osadzuka nakonso si kwabwino. Kuyendayenda pang'ono pakhomo kumathandiza magazi kuyenda.

Chizolowezi china choopsa ndi chogula makapisozi pagolosale kapena pamsika, kumwa awiri atatu, ena n'kuwatsegula kuwaza ufa wake pa bala. Izi zimabisa zizindikiro kwa masiku ochepa kwinaku zikuphunzitsa tizilombo kupirira mankhwala. Ofufuza a pachipatala cha Gulupu omwe anaunika magazi a odwala kwa zaka zambiri anapeza kuti pofika 2016, mabakiteriya a mtundu wa Klebsiella 9 mwa 10 alionse sankamvanso gulu la mankhwala lomwe muli ceftriaxone, jakisoni yemwe zipatala zathu zimadalira kwambiri. Tikamaseweretsa mankhwala lero, mawa mwana wathu adzagonekedwa ndi bala lomwe palibe jakisoni wolichiza.

Zizindikiro zosafunika kugonera

Bala lomwe likupola bwino ululu wake umachepa tsiku ndi tsiku. Ululu ukayamba kukula m'malo mochepa, pakatupa, pakatentha, pakafiira kapena kuuma gwa m'mbali mwake, pakatuluka mafinya kapena madzi onunkha, kapena ulusi ukayamba kumasuka, mayi abwerere kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi akamatentha thupi, kunjenjemera, kumva kuwawa m'chinena, kapena zotuluka kumaliseche zikayamba fungo loipa.

Pano pali msampha womwe wagwetsa ambiri. Kutentha thupi kulikonse timati ndi malungo. Mayi wa opaleshoni akatentha thupi, timamugulira panado ndi LA n'kudikira masiku atatu. Malungo alipodi, koma ayezedwe kuchipatala, ndipo woyezayo auzidwe kuti mayiyu wachitidwa opaleshoni posachedwa kuti aonenso bala ndi chiberekero. Akayamba kupuma mothamanga, mtima kugunda kwambiri, kusokonezeka mutu, kufooka mpaka kulephera kuima, kapena kukodza pang'ono, ndiye kuti tizilombo tafika m'magazi. Pamenepo nkhani ndi ya maola. Ngakhale pakati pa usiku, ngakhale mwini mbumba sanafike kudzavomereza, anyamulidwe.

Masiku obwerera kusikelo omwe alembedwa m'buku la kuchipatala, kaya ochotsa ulusi, kaya a sabata yoyamba ndi a masabata 6, asaphonyedwe ngakhale mayi akuoneka kuti ali bwino. Alangizi a zaumoyo ndi ogwira ntchito zaumoyo a m'midzi omwe amayendera makomo m'boma lino adziwitsidwe tsiku lomwe mayi wafika kuchokera kuchipatala.

Abambo, ino ndi nthawi yathu

Zambiri zomwe zatchulidwa pano sizili m'manja mwa mayi yekha. Amene amasunga ndalama ya kabaza ndi bambo. Amene amanena kuti "tidikire kuche" nthawi zambiri ndi bambo, apongozi kapena malume. Mimba imatenga miyezi 9, nthawi yokwanira kusunga kangachepe, kupangana ndi wanjinga yamoto wodalirika, ndi kugwirizana za yemwe adzatsale ndi ana. Mkazi akabwerako, kutunga madzi, kuchapa ndi kuphika kwa mwezi umodzi ndi theka sikuchotsa ubambo wa munthu. Kugonana kudikire mpaka achipatala anene kuti wapola, ndipo banja likambirane za kulera, popeza chipsera cha pa chiberekero chimafuna zaka pafupifupi ziwiri chisanasenzenso mimba ina. Mimba yotsatirayo akachirire kuchipatala chomwe chili ndi fiyeta.

Mafumu athu anathandiza kwambiri kuti amayi asiye kuchirira kwa azamba. Mphamvu yomweyo itha kugwira ntchito pa masiku 30 a pambuyo pa opaleshoni. Mudzi uliwonse udziwe mayi yemwe wabwera ndi bala, amayi a mpingo ndi a banki m'khonde agawane masiku omutungira madzi, ndipo pakhale thumba laling'ono lobwereka pa ulendo wadzidzidzi. Pozonda mayi wotere, tikatha kunyamula khanda ndi kufunsa dzina lake, tizimufunsanso mwiniwakeyo momwe bala likumvekera, ngati thupi likutentha, komanso tsiku lomwe anamuuza kuti abwerere kuchipatala.